CHOBOOLERA CHA DAYAMONDI: KAGULIDWE NDI KASUNGIDWE KAKE

Wolemba Mlangizi wa Zaulimi, Thyolo

Alimi ambiri a m'boma lino la Thyolo tsopano ali ndi zinthu zomangidwa ndi simenti zimene makolo athu analibe. Amene amalima tiyi m'mbali mwa maesiteti amanga mathanki a madzi othirira nazale zao. Oweta ng'ombe za mkaka cha ku Bvumbwe ndi ku Goliati ali ndi makola owaka pansi ndi zomwera za konkire. Midzi ina yatchinga akasupe ao ndi njerwa kuti madzi azitsika m'mipope, monga anayambira anzathu a ku Chingale ku Zomba m'chaka cha 1968. Zonsezi nzokondweretsa ndithu. Koma limafika tsiku lakuti mwini thanki afune kulowetsa paipi pamalo pamene mmisiri sanasiye bowo, ndipo tsiku limenelo ndi pamene mathanki ambiri abwino amafera.

Chimene chimachitika nchodziwika kwa ife tonse. Munthu atenga tchizulo ndi hamala nayamba kugogoda khoma. Bowo lituluka inde, koma lalikulu koposa paipi, lokhota, ndiponso logumuka kuseri kwake ngati mbale. Choipa koposa sichioneka tsiku lomwelo. Kugogoda kuja kumabala ming'alu yaing'ono ngati tsitsi, imene imayenda m'khoma kufikira kutali ndi bowo. Thanki ikadzaza, madzi amaipeza ming'alu ija. Poyamba khoma lingochita chinyezi, pambuyo pake ndere zimera, ndipo pofika mwezi wa October, pamene mbande zifuna madzi m'mawa ndi madzulo omwe, mupeza thanki iri pakati. Mumatapo simenti ina, koma simenti yatsopano sigwirana bwino ndi yakale. Inu nonse mudziwa mtengo wa thumba limodzi la simenti, ndipo mudziwanso makilogalamu a tiyi amene munthu ayenera kutchola kuti alipeze thumba limenelo.

Chiripo chida chochitira nchito imeneyi popanda kugogoda konse. M'masitolo a zitsulo ku Limbe ndi ku Blantyre amachitcha hole saw ya dayamondi, ndipo chachikulu chake, choboolera makoma ochindikala, amachitcha core bit. Ife m'nkhani ino tingochitcha choboolera cha dayamondi. Maonekedwe ake ali ngati kachitini ka chitsulo kopanda chivundikiro. Kumbuyo kwake kuli kachitsulo kolowa m'kamwa mwa dirilo, makina aja ozunguza zoboolera. Kumlomo kwake kulibe mano osongoka onga a sowo. Mukapititsapo chala mungomva kukakala ngati sandipepa. Kukakala kumeneko ndiyo dayamondi. Chida chikamazungulira chimadya kamzere kozungulira kokha, ndipo chapakati chimatuluka chathunthu ngati chitsekerero cha botolo. Bowo limatsala losalala, khoma losagwedezeka.

KODI NDI DAYAMONDI YENIYENI?

Inde ndi yeniyeni, koma pasapezeke munthu wopala timiyalati nkumanga pa kansalu kuti akagulitse. Ndi timchenga chabe topanda mtengo kwa ogula miyala, ndipo pafupifupi tonse timapangidwa m'fakitale. Dayamondi ndi mbale wake wa makala: zonse ziwiri nchinthu chimodzi, koma dayamondi inapanikizidwa ndi kutenthedwa koopsa pansi pa dziko. M'mwezi wa December 1954 akatswiri a kampani ya General Electric ku America anakhoza kutsanzira kupanikiza kumeneku ndi makina, ndipo lero yochuluka ya mtundu wogwirira nchito imapangidwa ku China. Izi zisanachitike, zida zotere zinkapangidwa ndi miyala ya m'migodi, monga ya ku Kimberley ndi ya ku Congo, imene inali yosaoneka bwino kuti munthu nkuivala. Nchifukwa chake kale chida chotere chinali makamaka cha makampani a migodi, pamene lero kalabu ya alimi ingathe kuchigula.

Nzeru yake si yatsopano iai. Mmisiri wina wa ku Switzerland, dzina lake Leschot, ndiye anayamba kumanga dayamondi pa mlomo wa paipi m'zaka za m'ma 1860 kuti aboole matanthwe. Ofufuza miyala ya mtengo wapatali amagwiritsabe nchito njira yomweyo. Ku phiri la Songwe ku Phalombe, m'zaka za 2011 ndi 2012, anaboola thanthwe ndi zida zotere natulutsa miyala yaitali yobulungira ngati misinde ya nzimbe, kuti akaiyese. Chathu chino ndi kamwana ka zimenezo. Koma musachisokoneze ndi makina okumba mijigo. Ambiri a iwo amaswa thanthwe ndi nyundo yoyendera mpweya, ndipo imeneyo ndi nkhani ina.

Nanga chifukwa ninji chitsulo wamba chilephera pa konkire? Mjeremani wina, Friedrich Mohs, mu 1812 anandandalika miyala monga mwa kulimba kwake, kuyambira 1 kulekeza 10. Pa muyeso umenewu chikhadabo cha munthu chiri pa 2 ndi theka. Galasi ndi mpeni wamba ziri pakati pa 5 ndi 6. Nsangalabwi iri pa 7, ndipo dayamondi iri payokha pa 10. Tsono mchenga umene timatapa m'mitsinje yathu, monga Nsuwadzi ndi Thuchila, wambiri ndi nsangalabwi yoswekasweka, ndipo m'miyala ya kwale imene timasakaniza m'konkire mulinso nsangalabwi. Taonani tsono: m'khoma la thanki yanu muli timiyala tolimba koposa chitsulo chimene mufuna kudulira. Mano a chitsulo akakumana nato amangobuntha.

SICHIDULA, CHIMAPERA

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse, ndipo amene amvetsa mau awiriwa sadzaononga chida chake. Choboolera cha dayamondi sichidula monga sowo adulira thabwa, ndipo sichiswa monga hamala. Chimapera. Kumbukirani mai akupera mawere pa mphero. Samenya mwala, sathamanga, satsamira ndi thupi lonse; amangoyendetsa mwana wa mphero mofatsa ndipo ufa umatuluka. Kadayamondi kali konse pa mlomo wa chida kamakanda mwala pang'ono pokha, koma pakuti tiri tambirimbiri ndipo tizungulira kosaleka, khoma limasanduka ufa pang'onopang'ono.

Kumene kuli kupera kuli kutentha, ndipo kutentha ndiye mdani wamkulu wa chida ichi. Timiyala tija tagwiridwa ndi chitsulo chofewerapo. Mlomo ukatentha kwambiri chitsulo chija chimalefuka nkutaya timiyala, ndipo dayamondi yomwe, pokhala mbale wa makala, imaonongeka ndi moto waukulu. Mukaona mlomo wa choboolera wasanduka wobiriwira modera ngati mpope wa utsi wa njinga yamoto, dziwani kuti chapsa. Izi zingachitike pa bowo limodzi lokha, chida chiri chatsopano.

Mankhwala ake ndi madzi, madzi wamba a pamtsinje malinga akhale opanda matope ambiri. Madzi agwira nchito ziwiri: aziziritsa mlomo, ndipo akokolola ufa wa mwala kuti timiyala tipeze pokanda patsopano. Pamene muboola pansi, kapena pa tailosi yogoneka, umbani kankhokwe ka dongo kuzungulira malowo ndi kuthiramo madzi, kuti mlomo wa chida uzigwira nchito uli m'kadziwe. Pa khoma loimirira pafunika anthu awiri. Wina agwire dirilo, wina agwire botolo la pulasitiki loboola pa chitsekerero ndi msomali, azifinyira madzi pamwamba pa mlomo kosalekeza. Ena amalowetsa kasiponji konyowa m'kati mwa kachitini; kamathandiza pa tailosi, koma pa khoma lochindikala sikakwanira. Yang'anani chimene chikutuluka m'bowo. Chikakhala ngati phala lamadzimadzi loyererako, zonse ziri bwino. Chikayamba kulimba ngati nsima, kapena mukaona fumbi, imani msanga muonjeze madzi. Ndiponso pakapita kanthawi kali konse bwezani chida m'mbuyo pang'ono chikali kuzungulira, kuti madzi alowe kunsi kwa mlomo, pakuti kumeneko ndi kumene kuli moto.

Ziripo zoboolera zina zimene opanga analemba kuti zigwira nchito popanda madzi. Nzoona, zina zinapangidwa motero, ndipo m'njerwa zofewa zimatha. Koma ngakhale zimenezo zifuna kupumula kawirikawiri kuti mphepo iziziritse, ndipo fumbi lake liri ndi mlandu wina umene tiunena kutsogoloku.

Madirilo ambiri ali ndi kabatani ka mbali ziwiri, kwina kojambula hamala, kwina kojambula choboolera. Amisiri anazolowera kuti pa khoma amaika ku hamala, ndipo pa zoboolera wamba za konkire akhoza. Pa dayamondi nkulakwa kwakukulu. Dayamondi njolimba pokanda koma siipirira kumenyedwa. Imasweka, ndipo mano a chida amathothoka. Musanayambe, yang'anani kabatani kameneka ndi maso anu, ngakhale mnzanu atanena kuti waika kale.

Za liwiro, lamulo nlakuti chida chikakula, liwiro lichepe. Chifukwa chake nchapafupi. Pa kuzungulira kumodzi, mlomo wa choboolera cha mamilimita 100 umayenda ulendo wotalika kanai koposa mlomo wa cha mamilimita 25, chomwecho umatenthanso msanga. Ngati dirilo yanu iri ndi magiya awiri, ikani pa giya yoyamba. Opanga abwino amalemba liwiro loyenera pa chikuto; musataye chikutocho musanawerenge. Ndipo musatsamire. Kulemera kwa makina ndi mphamvu pang'ono ya dzanja nzokwanira. Anyamata ndiwo amavuta pamenepa, pakuti amayesa kuti kuchedwa kwa chida nkuchepa kwa mphamvu zao.

Poyambira pamakhala kovuta pang'ono, chifukwa zoboolera zambiri za mtundu uwu ziribe kansonga ka pakati, ndipo zimaterereka ndi kukanda ponseponse. Njira yabwino nkutenga kathabwa, kuboolapo bowo lolingana ndi chida, ndi kukagwiriza zolimba pa malo ofunika. Kathabwako kakhala ngati khola la chida kufikira chitadzikumbira njira. Mukapanda thabwa, yambani chida chiri chopendekeka, kuti mbali imodzi yokha ya mlomo ikande kamzere konga mwezi wongooneka kumene, ndipo kamzereko katazama muimike chida pang'onopang'ono. Mukazindikira kuti mwatsala pang'ono kutulukira kuseri, chepetsani dzanja koposa kale. Ambiri amaononga nchito yabwino pa mphindi yotsirizayi, pogumula pulasitala wa m'kati mwa thanki. Pansi pa tailosi ikani thabwa losalala.

POPITA KUKAGULA

M'sitolo mudzapeza mitundu yosiyana mitengo kwambiri, ndipo wogulitsa wina adzakuuzani kuti zonse nzimodzi. Si zimodzi iai.

Zotsika mtengo koposa ndi zija zowala ngati siliva, zimene kawirikawiri zimabwera zambiri m'kabokosi kamodzi. Pa zimenezi timiyala tangomatidwa pamwamba, mzere umodzi wokha. Nzabwino pa galasi ndi pa matailosi a pa khoma, ndipo munthu wofuna mabowo owerengeka m'bafa kapena m'chipinda chosungira mkaka sangalakwe kugula chimodzi. Koma mzere umodziwo ukatha, chida chatha, palibe chochitanso. Zina ziri ndi timiyala tokulirapo towotchereredwa pa chitsulo, ndipo zambiri za izo zimamangidwa pa girayinda, osati pa dirilo. Izi zimatha matailosi olimba a pansi.

Mtundu umene ine ndiuyamikira pa nchito ya mathanki ndi zomwera ndi uja wa mano onga timadina tating'ono tokhala ndi mipata pakati pake. M'mano amenewa dayamondi inasakanizidwa ndi ufa wa chitsulo nkuotchedwa pamodzi, kotero kuti iri m'kati monse monga miyala iri m'konkire. Chitsulo chikamadyeka, timiyala takale timagwa ndipo tatsopano timaonekera. Mtengo wake ngwowawa pa tsiku logula. Koma muwerenge mtengo wa bowo limodzi, osati wa chida, ndipo mudzaona kuti chodula chija ndicho chotchipa.

Chenjerani ndi zida zina zofanana nacho maonekedwe. Chiripo cha mano osongoka ngati sowo, chimene nchoboolera matabwa, malata ndi pulasitiki. Chiripo china cha mano ochepa a chitsulo cholimba, chimene chimagwira nchito ndi hamala ya dirilo. M'khoma la nyumba chimathandiza, koma pa thanki chibweretsa kugogoda komwe tikuthawa. Tengani chida m'manja muchiyang'ane pa kuwala. Timiyala tikhale ponseponse mofanana, popanda dazi. Mano akhale olingana msinkhu, opanda mng'alu pamene analumikizira. Chigubuduzeni pa thebulo la sitolo muone ngati chiri chobulungira bwino. Utoto wa golide kapena wofiira suuza kanthu za ubwino wa chida.

Tsono za muyeso, pamene anthu ambiri amabwerera ku Limbe kawiri. Paipi ya chitsulo imachedwa ndi dzina losalingana ndi kukula kwake kwa kunja. Imene timati ya theka la inchi, kunja kwake ndi mamilimita 21. Ya makota atatu ndi 27. Ya inchi imodzi ndi 34, ndipo ya mainchi awiri ndi 60. Chomwecho munthu wogula choboolera cha inchi imodzi, ndiwo mamilimita 25, kuti alowetse paipi ya inchi imodzi, adzapeza kuti paipi ikukana. Mapaipi a pulasitiki ambiri amachedwa ndi kukula kwa kunja, monga 20, 25, 32, 50, 63 ndi 110. Ndiponso bowo la pa thanki liyenera kukula koposa paipi ndi mamilimita 10 kapena kuposerapo pang'ono, kuti patsale malo a simenti yotsekera. Paipi ya chitsulo ya inchi imodzi ifuna bowo la 45 kapena 50. Njira yosalakwa nkudula kachidutswa ka paipi yanu ndi kupita nako m'thumba.

Yesaninso kuchindikala kwa khoma. Zoboolera za matailosi nzazifupi, sizifika ngakhale utali wa chala. Khoma la njerwa ziwiri ndi mainchi 9, ndiwo mamilimita 230, osawerengera pulasitala. Zoboolera zazitali zambiri ndi za mamilimita 150, chomwecho pafunika kachitsulo kotalikitsira. Muboola kufikira chida chitadzaza, muthyola chapakati nkuchitulutsa, ndi kupitiriza. Funsaninso za pomangira pake, pakuti cha girayinda sichilowa pa dirilo, ndipo madirilo omwe ali ndi kamwa za mitundu iwiri. Ngati nkotheka nyamulani makina anu mukayesere m'sitolo momwemo.

Dirilo yaing'ono ya m'nyumba ingathe mabowo ang'ono m'njerwa ndi m'khoma lopyapyala. Bowo lalikulu, monga la paipi ya 110, m'konkire yokhala ndi zitsulo, si nchito yake. Pamenepo pafunika makina akulu okhala ndi mwendo womangirira pa khoma, ndipo nkwabwino kulemba mmisiri amene ali nao koposa kupsereza dirilo ya kalabu.

Ndanena za kalabu dala. Mlimi mmodzi pa moyo wake wonse angafune mabowo atatu kapena anai; kugula yekha chida chotere nkugoneka ndalama m'bokosi. Alimi a tiyi ang'onoang'ono anazolowera kuchitira zinthu pamodzi kuyambira pamene Boma linakhazikitsa Smallholder Tea Authority mu 1967, ndipo a mkaka ali ndi magulu ao. Gulu ligule miyeso iwiri yokha, yolingana ndi mapaipi amene mamembala agwiritsa nchito kawirikawiri. Lisankhe munthu mmodzi wofatsa, mwamuna kapena mkazi, kuti ndiye azisunga ndi kuboola. Wofuna bowo aitane munthuyo pamodzi ndi chida chake, pakuti chida ichi chikayamba kuyenda chokha m'manja mwa obwereka sichitha mwezi. Pakhale kabuku kolembamo bowo liri lonse ndi kandalama kake, kuti chida chikadzatha ndalama yogulira china ikhale iripo kale.

ZIMENE SICHIFUNA

Anthu akamva kuti dayamondi iposa zonse kulimba amayesa kuti iboola chiri chonse. Pa chitsulo siichita bwino, pakuti chitsulo chotentha chimaidya dayamondi. Pa thabwa ndi pa thanki ya pulasitiki mlomo umangomatirira. Kumeneko tengani cha mano a sowo chija. Galasi la m'mazenera a m'mbali mwa galimoto, ndi lina liri lonse lolimbitsidwa ndi moto, siliboolwa konse: limaphulika lonse kukhala timibulu.

M'konkire mudzakumana ndi zitsulo kapena waya. Mudzazindikira pakuti chida chimachedwa, kulira kwake kumasintha, ndipo m'phala muja mumaoneka tonyezimira. Choboolera cha mano a madina chingadule kawaya ndi kachitsulo kang'ono mukachileza mtima ndi kuchipatsa madzi ambiri, koma chimadyeka msanga. Pa silabu ya chimbudzi, kapena pa mtanda wonyamula denga, musadule chitsulo ngakhale chida chitalola, pakuti chitsulo chimenecho ndicho chanyamula anthu. Sunthani bowo.

M'nyumba zina zakale ndi m'mizere ina yakale ya madzi muli malata ndi mapaipi otuwa a asibesitosi. Fumbi lake limabweretsa matenda oopsa a m'chifuwa amene amaonekera patapita zaka zambiri. Zimenezo zisiyeni osaboola.

Fumbi la konkire ndi la mwala nalonso si la masewera. M'midzi yathu muno alipo akuluakulu amene anapita ku Joni pa Wenela nabwerako ndi chifuwa chosamva mankhwala. Chimene chinawapweteka ambiri a iwo ndi fumbi la nsangalabwi la m'migodi ya golide, limene likalowa m'mapapo silitulukanso. Mlandu wake unafika ku khoti, ndipo mu 2019 khoti lalikulu la ku Johannesburg linavomereza kuti makampani a migodi alipire odwala, ndi ochokera m'maiko oyandikana omwe. Fumbi lotuluka poboola konkire youma ndi la mtundu womwewo. Bowo limodzi silipha munthu, koma wosunga chida cha gulu adzaboola mabowo ambiri, ndipo madzi aja oziziritsa chida ndiwo amagwiranso fumbi lisanauluke. Avale magalasi otchinga maso, pakuti tizidutswa ta tailosi timathamanga.

Madzi ndi magetsi sizigwirizana, ndipo nchito ino imazisonkhanitsa pamodzi. Dirilo ya batire ndiyo yopanda mantha. Ngati mugwiritsa nchito ya magetsi a ESCOM kapena a jenereta, waya wake ukhale wopanda bala, polumikizira pakhale pamwamba pouma, woboola avale nsapato za mphira, ndipo madzi asayenderere kulowa m'makina. Musaboole choyang'ana kumwamba ndi madzi. Pa khoma la nyumba yambani mwadziwa kumene kunadzera mawaya. Ndipo gwirani makina ndi manja awiri, chogwirira cha m'mbali chiri chomanga, pakuti choboolera chachikulu chikakanirira m'bowo, chimene chimazungulira ndi makina, ndipo dzanja limapotoka nao.

NCHITO ITATHA

Chapakati chija chimakonda kukanirira m'kachitini. M'mbali mwa chida muli mpata woti mulowetsepo msomali kapena sikuludiraiva ndi kuchikankha. Musamenyetse mlomo pa mwala kuti chigwe. Tsukani chida nthawi yomweyo phala lisanaume, chifukwa phala la simenti likauma limagwira ngati simenti imene. Chipukuteni, chiumike pa dzuwa, ndipo pakani timafuta pomangira pake. Kuno kwathu chiperoni chikagwa masiku atatu chitsulo chiri chonse chosasamalika chimachita dzimbiri, ndipo chida chochita dzimbiri pomangira chimazungulira mopepeluka ndi kukuza bowo. Chisungeni m'kabokosi kakekake kapena chokulunga pa nsalu youma, osati m'thumba limodzi ndi masipanala ndi mahamala.

Nthawi zina choboolera cha mano a madina chimaleka kudya mano akali aatali. Mukachikhudza mupeza mlomo uli see, wosalala ndi wonyezimira, ndipo pa khoma chingolira chabe. Ambiri amachitaya pamenepa poyesa kuti chatha, koma sichinathe. Timiyala ta pamwamba tafafanizika, ndipo chitsulo sichinadyeke kuti tatsopano tionekere. Izi zimachitika makamaka pa mwala wolimba kwambiri kapena pothamangitsa makina. Kunola kwake nkodabwitsa: muchipatse chinthu chofewa ndi chamchengamchenga. Boolani kangapo m'njerwa yosapsa kwambiri, m'buloko ya simenti yochuluka mchenga, kapena m'mwala wakale wonolera zikwanje, ndi madzi pang'ono. Mchenga udya chitsulo nusiya dayamondi poyera, ndipo kukakala kubwerera. Pa zotchipa zija za mzere umodzi njira iyi ingochotsa litsiro. Siingabweze timiyala tomwe tinagwa.

Mano akadyeka kufikira pa chitsulo cha kachitini, chida chatha ndipo musachikakamize. Dzino limodzi likathothokera m'bowo, litulutseni musanalowetse chida china, pakuti lidzaononga chatsopanocho.

Bowo litatha, nchito yotsala nkutseka paipi kuti pasadonthe. M'kati mwa bowo la dayamondi mumakhala mosalala kwambiri, chomwecho mukandemo pang'ono ndi msomali, mutsukemo, ndipo munyowetse bwino musanaike simenti. Sakanizani muyeso umodzi wa simenti ndi miyeso iwiri ya mchenga wosefa, madzi ochepa, ndi kuitsendera ndi kamtengo kuzungulira paipi kuchokera mbali zonse ziwiri. Paipi ya chitsulo imagwirana bwino ndi simenti. Ya PVC njoterera; ipakeni guluu wake pamalo polowa m'khoma ndi kuwazapo mchenga wouma guluu asanaume, kuti simenti ipeze pogwira. Paipi yotungira ikhale chikhato chimodzi pamwamba pa pansi pa thanki, kuti matope azitsalira. Phimbani ndi chiguduli chonyowa masiku 7, ndipo m'masiku amenewa mwana asaigwedeze paipi.

Inu amene mukuumba njerwa za thanki yatsopano chaka chino, uzani mmisiri aikiretu m'khoma tizidutswa tiwiri ta paipi toposa timene mufuna lero, kamodzi m'munsi, kena chapamwamba, ndi kutitseka ndi mapulagi. Pa silabu ya chimbudzi aikiretu malo a paipi ya mpweya konkire isanathiridwe. Chidutswa cha thunthu la nthochi chosema molingana ndi paipi chimagwira malowo bwino, ndipo chikafota chimatuluka chosavuta.